Zaka Zinayi Zomwe Akuti Ndinangokhala

Kwa Bwana Mkulu Woona Zolemba Anamwino Ntchito,
Nyumba ya Maofesi, Pamwamba Penipeni,
Khomo Lokhala ndi Kapeti.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndapukuta mapazi ndisanalowe m'kalata ino, poti ndikudziwa kuti kwanu kuli kapeti. Ndikhulupirira muli bwino, inu pamodzi ndi mafomu anu onse.

Ndine uja wa nambala 47 pa anthu amene munatiyesa mwezi watha, wa bulauzi yoyera yothetheka pang'ono m'khosi, amene ndinalankhula ndi chidole. Mwandikumbukira tsopano, chifukwa tsiku limenelo munaseka mpaka kuvula magalasi.

Mundikhululukire polemba kalata yoti aliyense awerenge. Si mwano ayi. Ndinakulemberani makalata asanu omata bwino, dzina la udindo wanu nditalilemba ndi zilembo zikuluzikulu. Anayi sindidziwa kumene analowera. Yachisanu ndinaiona ndi maso angawa: yapindidwa kanayi, ikuchirikiza mwendo waufupi wa tebulo la mlembi wanu. Mtima wanga unakhala pansi poona kuti chilipo china chochokera kwa ine chimene chinapeza ntchito mu ofesi yanu, ndipo sanachifunse n'komwe ngati chinagwirapo ntchito kwina.

Vuto langa ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi misonkhano imene mumakhala nayo. Ndili ndi digiri ya unamwino, koma sindinalembedwepo ntchito. Chiphaso changa chitha mphamvu pa tsiku lomaliza la mwezi uno, ndiye kuti kwatsala masiku makumi awiri ndi limodzi. Kuti achikonzenso, a bungwe la ziphaso akufuna pepala losonyeza kuti ndagwira ntchito m'wodi maola 120 moyang'aniridwa ndi sisita, ndipo pepalalo likhale ndi chidindo chanu. Likapanda kupezeka, ndibwerera m'kalasi kukalembanso mayeso amene ndinakhoza kale, pamodzi ndi ana amene anali ku sekondale pamene ine ndinkajambulitsa nditavala mkanjo wa digiri. Mtima woyambiranso choncho sindikudziwa ngati ndikadali nawo.

Koma sindinabwere kudzadandaula. Anthu osalembedwa ntchito timadandaula kwambiri, ndipo n'chifukwa chake mwina simutilemba. Ine ndabwera kudzathokoza, ndipo zothokozazo ndaziika m'manambala kuti zifanane ndi zimene mumazolowera kuwerenga.

1. Zikomo chifukwa cha chilengezo chanu cha ntchito. Ndinachidula m'nyuzipepala ndi lumo n'kuchimata pachitseko cha chipinda changa kuti ndizichilingalira. Chikuti mukufuna anamwino ongomaliza kumene maphunziro, amene agwira kale ntchito zaka ziwiri. Ku yunivesite anatiphunzitsa zodabwitsa zambiri za thupi la munthu, koma za khanda lobadwa ndi ndevu sanatiuze. Ndinafunsa mlonda wa pachipata panu, munthu yekhayo pamalopo amene amayankha mafunso, kuti kodi zaka ziwirizo amazipeza pati. Anati, "Chemwali, funso limenelo ndimalimva kasanu pa tsiku. Ndikanadziwa kumene amaoda, bwenzi nditatsegula kagolosale pompano."

Ndinati chabwino, ndiyambe ndi kugwira mongodzipereka, popanda malipiro. Mlembi wanu, osadzutsa mutu pafoni yake, anandikankhira fomu ya ongodzipereka. Funso lachitatu likuti: tchulani kumene munagwirapo ntchito. Apa ndinaphunzira kuti ngakhale ntchito yaulere imafuna munthu amene anaigwirapo yolipidwa. Ndinatsika kukaonana ndi metiloni. Iwo anati sangandilowetse m'wodi popanda kalata yanu. Ndinakweranso. Mlembi anati inu simupereka kalata kwa munthu amene sanalowepo m'wodi. Ndinapita ku bungwe la ziphaso, kumene anandiuza mwaulemu kuti iwo amangolandira mapepala, sapanga. Ndinabwerera kwa mlonda, ndipo anandisunthira kampando kake kuti ndipumule.

Bwalo limeneli ndi lozungulira bwino zedi, Bwana. Ndalizungulira miyezi isanu, nsapato zatha chidendene, koma sindinapeze pamene munalumikiza. Amene analijambula mumukweze pantchito.

2. Zikomo chifukwa cha kabokosi ka patsamba lachiwiri la fomu yofunsira ntchito, kamene kakuti: ngati pali nthawi imene munapuma osagwira ntchito, fotokozani. Mwapereka mizere iwiri. Ndi kuwolowa manja kwakukulu, poti ena akanapereka umodzi. Koma popeza nyuzipepala yandibwereka malo okulirapo, ndiloleni ndifotokoze mmene ndinapumira.

Patangotha milungu itatu nditalandira digiri, mayi anga anagwa kubafa. Sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu onse anathawa n'kutsala liwu limodzi lokha: "iwe". Ndi liwu limenelo ankandiitana, kundithokoza, kundikalipira ndi kundiuza kuti tiyi watentha kwambiri. Apabanja tinakhala pansi pabalaza, ndipo achimwene anga, amene amaganiza mwachangu pa nkhani zimene sizidzawagwera iwo, anati tili ndi mwayi, m'banja muno muli nesi. Onse anavomera ndi mitu. Ndinalembedwa ntchito tsiku lomwelo, popanda intavyu, popanda kufunsidwa zaka ziwiri.

Munthu wosatha kudzitembenuza yekha amafunika kumutembenuza maola awiri alionse. Kupanda kutero khungu limayamba kufa pamene fupa lapanikiza bedi: m'zidendene, m'chiuno, kumunsi kwa msana. Izi mukuzidziwa, zalembedwa pa chikwangwani chokongola m'khonde la chipatala chanu. Maola awiri alionse ndiye kuti kakhumi ndi kawiri pa tsiku. Ine ndinachita zimenezo zaka zinayi ndi miyezi iwiri. Mukawerengera, poti inu muli ndi makina owerengera, mupeza kuti ndi kopitirira ka 18,000. Pakati pa kutembenuzako ndinkapuma motere: kusintha paipi ya mkodzo, kudyetsa kudzera m'paipi ya m'mphuno, jakisoni wa shuga m'mawa ndi madzulo, kuyeza bipi, kutsuka m'kamwa, kusambitsa munthu wamkulu pabedi osanyowetsa matiresi, kuwongola chala chimodzichimodzi cha dzanja lomwe linkafuna kufumbata mpaka kalekale. Ndinaphunzira kudziwa matenda a m'njira ya mkodzo pongomva fungo, tsiku lathunthu choyezera kutentha chisanadziwe. Anzanga a m'kalasi ankanditumizira zithunzi atavala yunifolomu, ine n'kuwayankha ndi dzanja limodzi, linalo lili m'golovesi.

Zonsezi ndinkalemba m'makope a ana asukulu, ola ndi ola, poti kusukulu anatiuza kuti namwino amalemba chilichonse chimene wachita. Makopewo alipo makumi awiri ndi atatu. Ndinabwera nawo ku ofesi kwanu m'chikwama chamsika. Mlembi wanu anatsegula limodzi ndi nsonga ya cholembera, ngati muli mphemvu, n'kundiuza kuti alibe chidindo. Ananena zoona. Tinaiwala kugula chidindo kunyumba kwathu.

Mayi anatisiya miyezi isanu yapitayo, m'mawa dzuwa litakwera kale, nthawi yowatembenuzira kumanzere. Ndinawatembenuzabe.

M'kabokosi kanu kaja ndinalemba kuti: ndinkadwazika mayi anga. Mzere wachiwiri unatsala wopanda kanthu. Tsiku la intavyu ndinaona fomuyo patebulo panu, ndipo wina wachifundo wa mu ofesi mwanu anali atandithandiza kuudzaza ndi cholembera chofiira: sanagwirepo ntchito. Mumuthokozeko m'malo mwanga. Ine zaka zinayi ndinalephera kuzifupikitsa choncho.

3. Zikomo pondilola kugwira ntchito m'chipatala chanu chachikulu milungu isanu ndi umodzi, ngakhale inu simunadziwe.

M'chaka chachitatu cha kupuma kwanga mayi anadwala chibayo, ndipo anagonekedwa m'wodi yachitatu ya amayi. Odwala analimo makumi asanu ndi asanu ndi atatu, ena pabedi, ena pansi pakati pa mabedi. Anamwino analipo awiri. Pamapepala ine ndinali gadiyani, ndiye kuti wachibale wodikirira wodwala, munthu wa beseni ndi chikho. Tsiku lachiwiri sisita wa wodiyo anandipeza ndikutulutsa mpweya m'paipi ya diripi ya mayi. Anaima, anandiyang'ana manja, n'kufunsa kuti zimenezo ndinaphunzira kuti. Ndinamuuza. Anangondiponyera bokosi la magolovesi.

Kuyambira pamenepo dzina langa linali Anti a Bedi 12, nambala ya bedi limene mayi anagonapo. Anti a Bedi 12, diripi yatha uko. Anti a Bedi 12, tagwirani agogo awa ndiwabaye. Ndinatsuka zilonda, ndinayeza bipi wodi yonse, ndinatembenuza amayi asanu ndi awiri amene abale awo ankaopa kuwakhudza, ndinatseka maso a awiri. Palibe wodwala amene anandifunsa chiphaso. Mayi wina wa pabedi la pakona ankakana kuti wina aliyense amubaye, ati akufuna nesi uja wovala masilipasi.

Kenako kunabwera kalata yochokera mu ofesi yanu, yokhala ndi chidindo chachikulu chooneka bwino, n'kumatidwa pakhomo la wodi. Inati magadiyani azilowa nthawi yoona odwala yokha, chifukwa amasokoneza ntchito ya akatswiri. Sisita anaiwerenga kawiri, natukwana chapansipansi mawu amene sindingawalembe m'kalata yopita kwa munthu wolemekezeka. Masiku asanu ndi anayi ndinaima panja pa zenera, pakati pa maluwa ndi ngalande, ndikuyang'ana mayi anga atagona mbali imodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka nthawi yolowa, maso ali pazenerapo, milomo ikupanga liwu lija.

Anatuluka m'chipatala chibayo chitatha, koma ndi chilonda kumunsi kwa msana, chachikulu ngati kukamwa kwa kapu. Chinanditengera miyezi itatu kuti chitsekeke. Anamwino awiri aja sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono: anthu awiri ali ndi manja anayi basi, ndipo ndinawaona akudya chiimire. Ndikungothokoza kuti pa zaka zinayi zonse, chilonda chokhacho chimene mayi anga anakhala nacho chinali chovomerezeka, chobwera ndi kalata, chopezeka m'nyumba ya akatswiri popanda wosadziwa aliyense kusokoneza.

Sisita uja akuti ndi wokonzeka kuchitira umboni maola amene ndinagwira m'wodi mwake, omwe akupitirira 120 kutalitali. Koma lamulo lanu likuti maola a gadiyani si maola. Ndakhala ndikuyang'anitsitsa wotchi ya mayi anga kuti ndione chimene inkawerenga nthawi yonseyo.

4. Zikomo koposa chifukwa cha intavyu. Tinalipo anthu opitirira zana limodzi pa malo asanu ndi amodzi, ndipo munatipatsa benchi la anthu khumi kuti tiphunzire kugawana. Nambala 47 inaitanidwa dzuwa litapendeka. M'chipindamo munali inu pakati, mayi wina kumanja kwanu atagwira wotchi, bambo wina kumanzere akulimbana ndi paketi ya mabisiketi. Pakona panali bedi, ndipo pabedipo panagona chidole chophunzitsira anamwino, chachikulu ngati munthu, mkono umodzi unathothoka kalekale, maso ali tong'o kudenga ngati nachonso chikudikira yankho la kalata.

Munati: wodwalayu wafa ziwalo, mutembenuzireni kumanzere ndi kumugoneka bwino, muli ndi mphindi zitatu. Kunena zoona, Bwana, mumtima ndinaseka. Pa mafunso onse a padziko lapansi munasankha limeneli! Mtsikana amene analowa ine ndisanalowe anamaliza mphindi imodzi isanakwane. Tonse pabenchi tinamva mutu wa chidole ukugunda chitsulo cha bedi, kenako mawu anu akuti wachita bwino.

Ine ndinasamba m'manja pa sinki ya pakona. Madzi anali ozizira, ndiye ndinayamba kutikita manja kuti afunde, poti dzanja lozizira likakhudza munthu wa sitiroko thupi limauma gwa ndipo kumutembenuza kumamupweteka. Ndinawerama pafupi ndi khutu la chidolecho, n'kunena kuti, "Amayi, ndikutembenuzani tsopano, musaope." Sindinakonzekere kunena zimenezo. Pakamwa panangozolowera. Ndipo choipitsitsa, ndinadikira yankho, chifukwa munthu wotero amafuna kamphindi kuti amve, akonzeke, akuuze ndi maso kuti yamba. Kenako ndinapinda bondo, ndinagwira phewa ndi chiuno, ndinatembenuza. Ndinayang'ana zidendene zonse ziwiri. Ndinawongola nsalu ya pabedi, poti khwinya limodzi ndi lokwanira kuyambitsa chilonda. Ndinaika pilo kumsana, wina pansi pa mkono umodzi wotsalawo. Ndikutambasula dzanja kuti nditenge wachitatu woika pakati pa mawondo, wotchi inalira.

Pamenepo m'pamene munavula magalasi. Munapukuta misozi ya kuseka, n'kunena mokoma mtima ndithu kuti, "Mayi, chimenechotu ndi pulasitiki." Bambo wa mabisiketi anatsamwa. Ndinaona mukulemba, poti ife anamwino timatha kuwerenga zolemba zoipa ngakhale zitazondoka: wochedwa, zikuonetsa kuti anakhalitsa kunyumba.

Munalondola, Bwana. Chinali pulasitiki. Ndikuvomera ndi manyazi kuti pa zaka zinayi zija ndinataya luso lonse losamalira pulasitiki. Ndinazolowera zinthu zochedwetsa ntchito: khungu, mantha, munthu amene amachita manyazi mwana wake akamamuvula. Ndikukhulupirira kuti asanu ndi mmodzi amene munawatenga adzathandiza kwambiri tsiku limene zidole zidzayambe kugonekedwa m'wodi yachitatu. Ndipo chidole chanucho ndachisirira. Chagona m'chipatala zaka zambiri osatuluka chilonda ngakhale chimodzi, umboni woti njira zanu zimagwira ntchito.

5. Zikomo chifukwa cha uthenga wa pafoni wondidziwitsa kuti sindinachite mwayi. Unayamba ndi mawu oti "Okondedwa Bambo", zomwe zinandipatsa chiyembekezo kuti mwina amene wakanidwayo ndi munthu wina.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene aja, amene ankabwera kudzaona mayi ataima pakhomo la chipinda mpango uli pamphuno, anauwerenga uthengawo n'kundiuza kuti vuto langa ndimalemba fomu ngati ndikuulula machimo. Anati kuseri kwa msika kuli kachipatala kena komwe kalata ya zaka ziwiri imatuluka tsiku lomwelo, chidindo ndi siginecha zili pomwepo, ndipo ena amene akuvala yunifolomu lero anadzera khomo limenelo. Sindikudziwa ngati n'zoona, ndipo sindikupempha kuti mufufuze, mungatope. Ine ndinakana. Osati chifukwa ndine woyera mtima, funsani achimwene anga mawu amene ndinawauza tsiku la maliro. Koma kuti ndilembe zaka ziwiri zabodza ndiyenera kufufuta ziwiri zenizeni, ndipo ndayesa kusankha kuti pa zaka za mayi anga ndichotse ziti, zandikanika.

6. Chomaliza, ndipo apa ndikupempha muvale magalasi, zikomo chifukwa cha tiyi amene ndinamwa kunyumba kwanu dzulo.

Musadzidzimuke. Dzina lanu sinditchula, ngakhale la msewu, ngakhale mtundu wa geti. Lachiwiri masana foni yanga inalira, nambala yachilendo. Anali mayi wa mawu aulemu koma otopa, mawu amene ndimawadziwa chifukwa ndinawalankhulapo. Anati apongozi awo aamuna anachita sitiroko milungu iwiri yapitayo, atulutsidwa m'chipatala, ndipo pakhomo palibe amene akudziwa poyambira. Anati pofunsafunsa m'chipatalamo anafika kwa sisita uja wa wodi yachitatu, ndipo sisitayo anawalembera nambala yanga kuseri kwa chikalata cha mankhwala n'kuwauza kuti ngati akufuna munthu wodziwa ntchito imeneyi, asavutike kufunsa kwina.

Ndinapita dzulo Lachitatu m'mawa. Pabalaza, ndikudikira, ndinaona pakhoma chithunzi cha bambo wina akulandira chikho cha ulemu. Magalasi ndinawazindikira ndisanazindikire nkhope. Kapeti nayenso ndi wofanana ndi wa ku ofesi, zikuoneka kuti mumakonda mtundu umodzi.

Bambo anu ali m'chipinda chakumapeto, pa bedi labwino, matiresi okwera mtengo, wailesi yakanema ikulankhula yokha. Chilichonse chogulika mwawagulira. Koma zidendene zawo zonse ziwiri zafiira kale, ndipo ukadina ndi chala kufiirako sikuchoka. Inu mukudziwa tanthauzo lake, lili pa chikwangwani chija. Mayi akunyumba kwanu ndi mayi wothandiza ntchito zapakhomo akhala akuwanyamula chokoka m'khwapa, mbali yakufayo, ndipo phewa latsala pang'ono kuguluka. Si kulakwa kwawo. Palibe anawaonetsa, poti kuchipatala magadiyani amalowa nthawi yoona odwala yokha.

Ndinasamba m'manja. Ndinatikita kuti afunde. Ndinawerama n'kunena kuti, "Agogo, ndikutembenuzani tsopano, musaope." Ndipo ndinadikira. Panapita kanthawi ndithu, kenako anandifinya chala ndi dzanja lawo labwinolo. Kuwatembenuza, kuwapaka mafuta, kuwongola nsalu ndi kuika mapilo onse atatu kunatenga mphindi khumi ndi imodzi. Ndikupepesa kwambiri, ndinapitirira ndi mphindi zisanu ndi zitatu. Mwamwayi m'chipindamo munalibe wogwira wotchi. Nditamaliza, agogo anapuma mpweya wautali n'kugona tulo, ndipo mayi akunyumba kwanu anakhala pampando n'kulira mwakachetechete. Atatontholako anandigwira manja onse awiri, nati, "Manja awa ndi odziwa ntchito. Muli chipatala chiti, mwana wanga?" Ndinawayankha kuti pakadali pano ndikupuma.

Anandiuzanso, osati mokunenani, kuti inu mumalowa m'mawa uliwonse mutamanga kale tayi, mumaima pakhomo la chipinda, mumafunsa kuti bambo mwadzuka bwanji, n'kutuluka yankho lisanabwere. Pa chimenechi sindikusekani. Achimwene anga ankateronso. Kuona munthu amene anakunyamula atasanduka wonyamulidwa kumaopsa, ndipo misonkhano imathandiza kuiwala. Ndikungokudziwitsani kuti yankholo limabwera. Limangochedwa kuposa mphindi zitatu.

Tsono, Bwana, ndafika pa pempho langa, ndipo kuti ndisakutopetseni ndaligawa pawiri kuti mungosankha, monga mafunso aja ochonga.

Loyamba: mundilole kulowa m'wodi yachitatu kuyambira Lolemba, popanda malipiro, popanda yunifolomu ngati ndi yovuta, ndibwera ndi masilipasi anga omwe aja. Sisita wavomera kale kundiyang'anira. Masiku khumi a maola khumi ndi awiri akwanira, ndipo mwezi usanathe mudinde pepalalo. Chidindo si cholemera, ndachiona mlembi wanu akuchinyamula ndi zala ziwiri.

Lachiwiri, ngati malamulo sakulola loyambalo: mundilembere mzere umodzi wokha, wodinda bwino, wotsimikiza kuti mayi anga sanali wodwala, ndi kuti chimene ndinachita kwa bambo anu dzulo si unamwino. Mzere umenewo undithandiza kudziwa choyankha mayi akunyumba kwanu akadzandifunsanso kuti ndine ndani. Ndidzaumatanso pachikuto cha kope la makumi awiri ndi chitatu, kuti makope anga akhale ndi chidindo.

Musade nkhawa kuti mwina ndikuika bambo anu pa malonda. Musankhe loyamba, musankhe lachiwiri, musankhe kukhala chete monga mwa nthawi zonse, ine Loweruka ndipitabe. Agogo sanalembe chilengezo chilichonse, ndipo sanandiseke.

Chatsala ndi njira yokufikitsirani fomu ya maola 120 ija, imene ikuyamba yafuna chidindo chanu chondilola kulowa m'wodi. Kudzera kwa mlembi wanu sindingayesenso, tebulo lake laima bwino tsopano ndipo sindikufuna kulipendeketsa. Ndiye ndapangana ndi mayi akunyumba kwanu, amene msana wayamba kale kuwawawa ndipo avomera ndi manja awiri, kuti kutembenuza kwa 4 koloko masana Loweruka kudzakhale kwanu. Ine ndidzawagoneka agogo chakumanja 2 koloko n'kunyamuka. Ikadzakwana 4 koloko, mudzavule tayi ndi wotchi. Mudzasambe m'manja, mudzatikite kuti afunde. Mudzawerame, mudzawauze chimene mukufuna kuchita, ndipo mudzadikire mpaka akufinyeni chala. Mudzagwire phewa ndi chiuno, osati m'khwapa. Fomuyo mudzaipeza m'kapulasitiki, pansi pa pilo wa kumsana kwawo. Cholembera ndidzasiya pa tebulo la mankhwala. Chidindo chokha mudzabwere nacho kuchokera ku ofesi.

Mukadzachedwa ndi msonkhano, musavutike mtima chifukwa cha fomuyo. Idzadikira, inazolowera. Zidendene za bambo anu ndi zimene sizidikira.

Ndatuluka chobwerera m'mbuyo kuti ndisakufulatireni, ndipo kapeti ndamusiya woyera monga ndinamupezera.

Ine wanu wochedwa, wokhalitsa kunyumba, wosagwirapo ntchito,

Nambala 47,
Anti a Bedi 12,
Namwino wa chiphaso kwa masiku makumi awiri ndi limodzi otsalawa.